Mayi wapathupi akapezeka ndi lymphoma, tisamuuze kuti adikire achire kaye

Nkhani ya khansa ikagwera mayi woyembekezera, azakhali ndi apongozi amafulumira kulangiza kuti, "Adikire achire kaye, mankhwala amphamvuwo angapweteke mwana." Amanena mwachikondi ndithu, koma ine ndikuona kuti pa khansa ya m'anabele, imene madokotala amaitcha lymphoma, malangizo otere angatayitse mayi miyezi imene sangaipezenso.

Nthendayi imayamba mwakachetechete, ndi mwanabele wa pakhosi kapena m'khwapa amene sapweteka komanso saphwa, nthawi zina pamodzi ndi thukuta la usiku lonyowetsa zofunda. Kwathu kuno zizindikiro zimenezi zimafanana kwambiri ndi za TB, moti nthawi imatha kale mayi akumwa mankhwala a chifuwa, pamene chofunika chinali kudula kachidutswa ka mwanabeleyo n'kukakayeza.

Mantha okhudza mwana ali ndi maziko ake, makamaka m'miyezi itatu yoyambirira, pamene mtima, ubongo ndi manja zikuumbika, ndipo n'chifukwa chake madokotala amayesetsa kupewa kemo, mankhwala amphamvu olimbana ndi khansa, panthawiyi. Mimba ikapitirira masabata 14, zinthu zimasintha. Mayi wodwala mtundu wa lymphoma wotchedwa Hodgkin angalandire kemo ya mankhwala anayi yotchedwa ABVD, kutanthauza doxorubicin, bleomycin, vinblastine ndi dacarbazine, m'diripi kamodzi pa masabata awiri alionse, kenako madokotala amaimitsa patatsala masabata pafupifupi atatu kuti achire, pofuna kuti magazi ake ndi a mwanayo abwerere m'chimake. Mankhwala ena, monga methotrexate, sayenera kuyandikira mimba.

Chimene chinandikhutiritsa ndi kafukufuku wa gulu la Frédéric Amant wa ku Leuven, m'dziko la Belgium, amene anatuluka mu 2015. Anaunika ana 129 amene amayi awo anapezeka ndi khansa ali ndi pakati, ambiri atalandira kemo, ndipo anapeza kuti nzeru ndi mtima wa anawo zinkakula mofanana ndi za anzawo. Chimene chinkabweza ana m'mbuyo chinali kubadwa masiku asanakwane, kusonyeza kuti ngakhale maganizo ooneka anzeru, oti mayi amubereketse msanga kuti ayambe mankhwala, ali ndi mtengo wake.

Pamene achibale angathandize kwenikweni ndi pa nkhani ya mkaka, chifukwa mayi amene akupitiriza kemo atachira saloledwa kuyamwitsa, ndipo chitini cha mkaka wa makanda sichichedwa kutha.