Khansala wa ku Chipata ndi khansala wa ku Mchinji

Azakhali anga anakwatiwa kutsidya, m'mudzi wina kufupi ndi Chipata ku Zambia, ndipo kuyambira ndili mwana ndakhala ndikudutsa pa Mwami kukawaona. Ulendo wake ndi waufupi kusiyana ndi kuchoka pa Mchinji kupita ku Lilongwe. Chinenero n'chomwechi, nsima n'yomweyi, ndipo mu Ogasiti tonse timakakumana ku Mkaika, ku Katete, pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Kusiyana kumayamba kuoneka pamene mwana wasowa fizi, mjigo wafa, kapena mlatho wakokoloka, chifukwa khomo limene azakhali amakagogoda si khomo limene amayi anga amagogoda kuno.

Tsiku lina ndinawapeza akusonkhanitsa mapepala a mdzukulu wawo, yemwe ankafuna kukaphunzira zaukalipentala. Nditawafunsa ngati akukaonana ndi a phungu, anandiyang'ana modabwa n'kunena kuti: "A phungu atani, mwana wa achimwene? Fomuyi ikupita ku komiti ya wadi, kenako ku khonsolo." Mawu amenewa ndinabwera nawo kuno, ndipo sanandichokebe m'mutu. Kwathu kuno munthu wakumudzi akasowa thandizo lotere amayamba n'kufunsa kuti a phungu abwera liti kuchokera ku Lilongwe.

Nkhaniyi imayambira pa tsiku lovota. Chiyambire pamene a ku Zambia anasintha malamulo awo aakulu mu 2016, munthu akalowa m'kachipinda kovotera amachonga mapepala anayi: la pulezidenti, la phungu, la khansala, ndi la meya kapena wapampando wa khonsolo. Meya wa Chipata amasankhidwa ndi anthu a mu Chipata, ndipo amakhala pampando zaka zisanu. Ife timachonga atatu. Meya wa Lilongwe, Blantyre, Mzuzu kapena Zomba amasankhidwa ndi makhansala anzake m'chipinda, n'kukhala zaka ziwiri ndi theka, pomwe wapampando wa khonsolo ya boma ngati Mchinji amangokhala chaka chimodzi. M'chaka chimodzi munthu sangathe n'komwe kuzungulira mafumu onse a m'boma lake. Ndiye amene amakhala ndi mphamvu zenizeni ndi a DC, omwe sitiwavotera, ndipo amene anawatumiza ali ku Capital Hill.

Komanso tisaiwale kumene tachokera. Lamulo la maboma ang'onoang'ono ndi ndondomeko ija ya Mphamvu ku Anthu zinabwera mu 1998, makhansala oyamba pansi pa lamuloli tinawavotera mu 2000, koma nthawi yawo itatha mu 2005 dziko linakhala zaka 9 lopanda khansala ngakhale mmodzi, mpaka chisankho chapatatu cha 2014. Zaka zimenezo zinatizoloweretsa zoipa. Phungu ndiye anasanduka wogula bokosi pa maliro, wonyamula odwala, womanga mlatho, wolipira fizi. Pa 16 Sepitembala 2025 tinasankha aphungu m'madera 229 ndi makhansala m'mawadi 509, koma funsani anthu khumi pa msika wa Kamwendo kuti khansala wawo ali ndi thumba lanji m'manja, muone angati angayankhe.

Thumba lokhalo limene aliyense amalidziwa ndi CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu. Ku Zambia linayamba mu 1995, kuno mu 2006. Kwa nthawi yaitali la ku Zambia linali laling'ono, moti mu 2021 linali K1.6 miliyoni ya kumeneko pa dera lililonse la phungu. Boma la a Hakainde Hichilema litalowa linalikweza kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo mu 2025 linali pa K36.1 miliyoni. Koma chimene ndimasilira si kukula kwa ndalamazo ayi. Ndi momwe anazigawira. Gawo lalikulu limapita ku zitukuko za m'dera monga zipinda zophunziriramo, madesiki, mijigo ndi nyumba zochiriramo amayi. Gawo lina ndi la fizi ya ana a ku sekondale zogonera komweko ndi achinyamata ophunzira ntchito zamanja, ndipo lina ndi la ngongole ndi mphatso za magulu a amayi ndi achinyamata. Pempho limayambira ku komiti ya chitukuko ya wadi, ndipo ndalama zimasungidwa ndi khonsolo. Phungu amakhala nawo mu komiti ya CDF, inde, ndipo mawu ake amalemera, koma mayi wakumudzi amadziwa kuti pali fomu, pali nthawi yoperekera, pali ofesi.

Sindikunena kuti kutsidyako zonse zikuyenda myaa. Zaka zoyambirira ndalama zambiri zinkangogona ku banki chifukwa chitukuko chilichonse chinkadikira kuti nduna ivomereze ku Lusaka. Makontirakitala othawa ntchito pakati aliko, ngongole zosabwezedwa ziliko, ndipo azakhali omwewo amadandaula kuti pa ngongole za magulu, amene ali pafupi ndi chipani amamva msanga. Koma akamadandaula amatchula ofesi ndi munthu amene anamuvotera.

Kuno mkangano wathu wakhala woti thumbali ndi la yani. Bungwe la makhonsolo la MALGA linakafika mpaka kukhoti, ndipo mu Meyi 2025 Khoti Lalikulu linagamula kuti n'zosemphana ndi malamulo aakulu a dziko kuti aphungu azivota m'makhonsolo ndi kumalamulira ndalama za CDF, popeza ntchito yawo ndi kupanga malamulo ndi kulondoloza momwe boma likugwiritsira ntchito ndalama. Ine chigamulo chimenechi ndinachilandira ndi manja awiri. Munthu sangakhale wogula simenti, iye yemweyo n'kukhalanso wofunsa kuti simenti yapita kuti. Pa kampeni ya 2025 a Peter Mutharika analonjeza K5 biliyoni pa dera lililonse chaka ndi chaka. Ndalama zochuluka chotero zikalowa m'khonsolo imene ilibe mainjiniya okwanira, ndipo makomiti a chitukuko a m'midzi (VDC) ndi a m'dera la T/A (ADC) akungoitanidwa kudzaombera m'manja, tidzaona zipupa zambiri zopanda denga.

Pa zaumoyo ndiye sindingavomere kuti a ku Zambia anatisiya. Chinthu chimene ife tili nacho, chomwe sitichiyamikira mokwanira, ndi alangizi a zaumoyo, ma HSA aja. Munthu ameneyu amakhala m'mudzi momwemo, amayenda pa njinga yakapalasa, amapima ana ku sikelo pansi pa mtengo, amabaya katemera, amagawa kolorini, amayendera zimbudzi, ndipo m'madera akutali ndi chipatala amapereka mankhwala a malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba kwa ana osakwana zaka zisanu. Amalandira malipiro a boma, ndipo amadziwa khomo lililonse limene kuli mayi woyembekezera. A ku Zambia anayamba kuphunzitsa antchito a mtundu umenewu mochedwa kusiyana ndi ife. Ana ambiri a kuno amene akanamwalira asanafike zaka zisanu ali moyo lero chifukwa cha anthu a pa njingawa, ndipo ine ndikawaona akukwera chitunda dzuwa likuswa mtengo, ndimamva chisoni kuti ambiri a iwo alibe ngakhale nyumba yabwino m'midzi imene akutumikira.

Pomwe timagwa ndi pa zenera la mankhwala. Chipatala cha boma n'chaulere, koma ndinaperekezapo amayi anga ku chipatala china, titakhala pa mzere kuyambira m'bandakucha, n'kutilembera m'buku kuti mankhwalawo tikagule ku famase. A ku Zambia nawonso amalira zomwezi, ngakhale iwo anayesa njira ina: inshulansi ya zaumoyo ya NHIMA, imene wogwira ntchito amadulidwa 1 peresenti ya malipiro ake, bwana wake n'kuikapo 1 peresenti ina. Imathandiza mphunzitsi ndi msilikali, koma mlimi wa mtedza ngati azakhali anga amadalirabe kachipatala ka m'dera. Chimene chasintha kwa iwo n'chakuti mu 2022 boma linalemba antchito a zaumoyo oposa 11,000 nthawi imodzi, ndipo ndalama za CDF zikumanga nyumba zoti anamwinowo azigonamo.

Kolera ndiye anativula tonse. Kuno mu 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700, mliri woopsa kuposa ina yonse ya kolera imene dziko lino linaonapo. Ku Lusaka mu Januwale 2024 odwala anagonekedwa m'bwalo la mpira la National Heroes, ndipo sukulu zinachedwa kutsegulira. Kolera amabadwira pa zinyalala zosatola, ngalande zotseka, zitsime zoyandikana ndi zimbudzi ndi misika yopanda madzi, ndipo zambiri mwa zimenezi ndi ntchito ya khonsolo. Kanyama wa ku Lusaka ndi Mtandire wa ku Lilongwe n'chimodzimodzi. Meya wovoteredwa ndi anthu sanapulumutse Lusaka, ndipo zimenezi ndiyenera kuzivomereza.

Za chitetezo sindichedwapo. Apolisi m'maiko onse awiri ndi a boma lalikulu, ndipo usiku amene amatilondera ndi anyamata achitetezo cha m'mudzi, ndi mawisilo ndi matochi awo, pamodzi ndi mafumu. Chimodzi chokha chimene ndinachiona ndi maso ku Zambia: isanafike 2021, misika ndi madepoti a mabasi munkalamula anyamata a chipani, n'kumatolera ndalama zimene zikanapita ku khonsolo. Boma latsopano litalamula kuti achoke, amayi ogulitsa anapumako. Ife amene timadziwa zochita za anyamata a zipani ndi oitanira m'madepoti athu tikumvetsa kuti chitetezo cha mayi wogulitsa tomato chimayambira pa funso loti chiphaso cha msika akudula ndani.

Thandizo la mabanja osaukitsitsa lili ndi mbiri imene imandinyaditsa monga mwana wa ku Mchinji. A ku Zambia anayamba kuyesa kupereka ndalama m'manja ku Kalomo mu 2003, ife tinayambira kuno ku Mchinji mu 2006, ndipo lero Mtukula Pakhomo ali m'maboma onse 28. Amafikira mabanja pafupifupi khumi mwa 100 alionse, aja osaukitsitsa omwe alibenso wogwira ntchito: agogo olera ana amasiye, olumala, odwala matenda amgonagona. Ndinaona agogo ena m'mudzi mwathu akugula mbuzi ndi yunifomu ya adzukulu ndi ndalama zimenezi. Nkhawa yanga ndi yakuti gawo lalikulu la ndalamazi limachokera kwa abwenzi akunja monga World Bank, dziko la Germany ndi European Union. Iwo akadzatopa, agogo aja adzamva bwanji? Chilala cha 2024 chitagwa, maiko onse awiri analengeza za ngozi, ndipo ku Zambia ntchito yolipira anthu pokonza misewu ndi ngalande inaperekedwa m'manja mwa makhonsolo. Azakhali anga anakalembetsa ku wadi konkuja kumene anapereka fomu ya mdzukulu.

Abale athu a ku Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ali kumbuyo kwa tonsefe pa nkhaniyi. Okhala m'tauni ya Ulongué amavota pa chisankho cha khonsolo ya tauniyo, koma a kumidzi yozungulira amalamulidwa ndi mkulu wa boma wochita kutumizidwa, ndipo chisankho cha maboma chimene chinayenera kuchitika mu 2024 anachiimitsa. Ambiri a m'malire akadwala amawolokera ku zipatala za ku Dedza ndi Ntcheu.

Mdzukulu wa azakhali uja anatengedwa, ndipo panopa akukhoma zitseko ku Chipata. Mng'ono wanga wamaliza fomu 4 chaka chino, ndipo naye akufuna zaukalipentala. Lachinayi likubwerali kuli msonkhano wa ADC kwa a T/A athu, a khansala akakhalako, ndipo ine ndikawafunsa pamaso pa mafumu kuti fomu yake akatenge pa ofesi iti.