Caribou za ku Yukon zikaoloka malire a Alaska

Chaka chilichonse chisanu chikamatha, gulu la nyama zotchedwa caribou, zooneka ngati mphalapala, limanyamuka kulowera kumpoto kukaswa. Zambiri zimadutsa ku Yukon m'dziko la Canada n'kukaswera ku Alaska, m'chigwa cha m'mphepete mwa nyanja ya Beaufort, mbali ya America. Ataziwerenga mu 2017 anapeza kuti zilipo pafupifupi 218,000. Kwa anthu a mtundu wa Gwich'in, a ku Old Crow mbali ya Canada ndi abale awo a ku Arctic Village mbali ya Alaska, ndiwo yake ndi imeneyi, ndipo chikopa chake ndicho nsapato ndi zovala. Chigwa choswerachi amachitcha malo opatulika kumene moyo umayambira.

Mu 1987 maiko awiriwa anasainirana pangano loteteza nyamazi. Koma kasungidwe ka panganolo n'kosiyana kutalitali.

Canada inayamba ndi kumvera eni nthaka. Woweruza milandu Thomas Berger anayenda mudzi ndi mudzi kumpotoko kufunsa anthu za paipi ya gasi imene makampani ankafuna kuyala, ndipo mu 1977 analangiza boma kuti paipi isadutse kumpoto kwa Yukon. Mu 1984 pangano la malo ndi anthu a mtundu wa Inuvialuit linabala paki yotetezera zachilengedwe imene lero imatchedwa Ivvavik, ndipo mu 1995 panabwera ya Vuntut. Mapangano a malo oterewa amatetezedwa ndi malamulo aakulu a dziko, choncho boma latsopano silingangodzuka n'kuwafafaniza. Apa m'pamene ine ndimaona kuti Canada inachita bwino kwambiri.

Ku America nkhaniyi imatsatira mphepo ya zisankho. Mu 1980 nyumba ya malamulo inakulitsa malo otetezedwa a Arctic National Wildlife Refuge, koma maekala 1.5 miliyoni a chigwa chija anawasiya m'malere chifukwa pansi pake akuganiza kuti pali mafuta. Mu 2017 lamulo la misonkho linatsegula chigwacho. Pamalonda a ziphaso zokumbira mafuta a Januwale 2021 makampani aakulu sanabwere, ndipo ziphaso zambiri anagula ndi bungwe la boma la Alaska lomwe. Boma la Joe Biden linazithetsa mu 2023, malonda ena a Januwale 2025 sanapeze wogula ndi mmodzi yemwe, ndipo Donald Trump atabwerera pampando anatsegulanso chigwacho. Mayi wa ku Arctic Village angakonze bwanji tsogolo la ana ake pa lamulo losintha zaka zinayi zilizonse?

Sindikunyoza anthu a ku Alaska. Chiyambire pamene mafuta a ku Prudhoe Bay anayamba kuyenda m'paipi mu 1977, chuma chawo chatsamira pamenepo, ndipo ambiri mwa anthu a mtundu wa Iñupiat a ku Kaktovik, mudzi umene uli m'chigwa momwemo, amafuna mafutawo akumbidwe kuti apeze ntchito ndi masukulu. Nawonso ndi eni nthaka.

Komanso Canada isadzitame mopitirira. Ku Alberta, pafupi ndi Fort McMurray, nkhalango zadulidwa pofukula mchenga wa mafuta, ndipo caribou za m'nkhalango za kumeneko zikutha. Mu 2018 boma la Canada lenilenilo linagula paipi ya mafuta ya Trans Mountain pa ndalama zokwana 4.5 biliyoni za ku Canada. Kuteteza malo kumene ndalama zake sunazilawe n'kosavuta kuyerekeza ndi kumene zikulowa kale m'thumba.

Utsi wa mafuta onsewa, kaya a Alberta kaya a Alaska, ukubwerera kwa alenje omwewo. Kumpoto kukutentha mofulumira kuposa dziko lonse, nthaka imene inkakhala youndana chaka chonse ikusungunuka, ndipo mu 2007 nyanja ya Zelma pafupi ndi Old Crow inaphwa madzi ataboola gombe. Mu 2019 anthu a m'mudzimo, omwe safika n'komwe 300, analengeza kuti ali pangozi chifukwa cha kusintha kwa nyengo.