Masikito ndi ogonamo, si ukonde wa chilimira

Lachiwiri lapitali ndinatsikira kudooko ku Senga Bay kukasaka ndiwo, ndipo zomwe ndinaona zandisowetsa tulo. Amayi anayi, madzi akulekeza m'chiuno, akukoka masikito atatu osokedwa pamodzi. Masikito omwewa amene timalandira ulere kusikelo. Atakokera kumtunda, m'katimo munali kasawala wosafika ndi chala chomwe, tibonya ndi ndere basi. Madzulo ake ndikumva kuti mmodzi mwa amayiwo wathamangira kuchipatala pa kabaza, mwana thupi lili moto, akukomoka. Malungo. Abale anga, mitu imeneyi ikugwira?

Udzudzu wa kuno ku Salima ndani sakuudziwa? Mwana mukumugoneka pamphasa poyera, neti yake ili m'nyanja. Ina mwatchingira dimba la tomato, ina mwakutira khola la anapiye. Ndiye kuti anapiye aposa mwana? Mawa muli pamzere kudandaula kuti mankhwala a malungo a LA atha, ngati kuti udzudzuwo wabwera ndi adokotala.

Ndipo musamati bola ndiwo mwapeza. Kasawala mukukokololayo ndiye chambo cha chaka chamawa. Ife tikukula chambo chinali ndiwo ya wina aliyense, lero munthu wa kunyanja kuno kuchigula mpaka uyambe wawerenga kawiri ndalama za m'thumba. Ana akukula ndi nsima ya masamba okhaokha, matupi onyentchera, nyanja ili pakhomo. Nanga mankhwala ophera udzudzu ali mu netiyo mukuganiza akumasungunukira kuti? Nanga nsomba zija zimadya nkhono, mukazimaliza zili zing'onozing'ono, nkhono za likodzo adye ndani? Anyamata akukodza magazi, wina n'kumaseka ati ndiye kukula kumeneko. Kukula kwake kuti?

Za zimbudzi ndiye ndichite kunong'ona, poti n'zochititsa manyazi. Bambo wamkulu ndithu, ndevu pepepe, m'bandakucha kukadzithandiza kuseri kwa bwato. Pomwepo mayi akutsuka mbale, pomwepo wina akutunga madzi a phala la mwana, pomwepo usipa ukutsukidwa kupita pathandala. Matewera otaya aja, majumbo, mabotolo a kachasu, zonse m'madzi. Mwaiwala kale kolera ya 2022 mpaka 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno? Kuno ndi ku Nkhotakota sitinaike maliro? Mumati mchenga umagumukira, chimbudzi sichikumbika. Koma ndalama ya mowa Loweruka imapezeka, ya simenti thumba limodzi ayi.

Wina asandiuze kuti ndi umphawi. A pachilumba cha Mbenji, kwa Mfumu Makanjira, ndi anzathu a m'boma lomwe lino. Iwo amatseka usodzi mu Disembala mpaka Epulo, ndipo lamulolo lakhalapo kuyambira makolo awo, wolakwira amalipitsidwa osayang'ana nkhope. Akatsegula, utaka umachita kudzaza mabwato. Iwo aja ali ndi nyanja ina?

Inu a komiti ya padooko, masikitowa amakokedwa dzuwa likuswa mtengo inu muli pabawo, mukuona. Kapena mumalandirako kambale? Nanu amfumu, mukudikira maliro angati kuti muyitanitse msonkhano?

Kavuuleni masikitowo, muwachape, mukawapachike pomwe pagona ana. Anthu akuluakulu inu, manyazi mulibe?