Musathamangire kugula magalasi ena a VR, yambani mwaona monita yanu

Anzanga okonda magemu, pali nkhani imene yakhala ikundidya mumtima ndipo lero ndiyankhulepo. Munthu wapeza magalasi a VR, aja ovala kumaso okuonetsa zithunzi ngati uli m'kati mwake, wasangalala, ndiye akufuna kusewera magemu ake a masiku onse a pa kompyuta, aja anapangidwira monita wamba, koma pa chisikirini chachikulu choyandama pamaso pake. Wayesa usiku umodzi, chithunzi chikuchita chibwibwi, zilembo zikuoneka mwachimbuuzi, mutu wayamba kulemera. Kukacha mumumva akuti magalasiwa ndi achabechabe, akufuna ena apamwamba. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa nthawi zambiri magalasiwo alibe mlandu.

Gemu wamba siidziwa n'komwe kuti mwavala kanthu kumaso. Iyo imajambula zithunzi zake n'kupereka kwa Windows monga imachitira tsiku lililonse, Windows n'kuziika pa monita. Kenaka pulogalamu ina, kaya SteamVR, Virtual Desktop kapena Bigscreen, imatapa zimene zili pa monitapo n'kukazipachika m'magalasi. Choncho gemu, monita ndi magalasi ziyenera kumvana, ndipo zikasemphana amene amavutika ndi maso anu. Monita ija mwaifulatira poganiza kuti ntchito yake yatha, ndi imene ikulamulirabe zambiri.

Ndikhalitse pa nkhani ya liwiro, chifukwa m'maganizo mwanga apa ndi pamene pagona vuto lalikulu, komanso ndi pamene anthu safikapo. Monita zambiri zimasintha chithunzi ka 60 pa sekondi. Imeneyi ndiyo 60 Hz. Magalasi a Quest 2 ndi Quest 3 amatha kuyenda pa 72, 90 kapena 120 Hz, pamene a Valve Index ali ndi 80, 90, 120 ndi 144. Gemu ikakhala ndi setingi ya V-Sync yoyatsa imatsatira liwiro la monita, ndiye ikutulutsa mafulemu, kapena kuti zithunzi, 60 pa sekondi. Magalasi anu ali pa 90. Werengani nokha: 60 salowa mu 90 mofanana. Fulemu ina ioneka kawiri, yotsatira kamodzi, ina kawiri, ina kamodzi, mpaka kalekale. Mukaima chilili simuona kanthu. Koma tembenuzani kamera pang'onopang'ono, muona mitengo ndi makoma zikuyenda motsimphina. Pa sikirini yodzaza maso onse, kutsimphina kumeneku n'kumene kumabweretsa chizungulire ndi nseru.

Ine ndinatha masiku angapo ndikulimbana ndi vuto limeneli pa gemu ina ya mpikisano wa magalimoto. Ndinatsitsa mithunzi, ndinatsitsa resolution (kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi), ndinaikanso madalaivala a graphics card (chipangizo chojambula zithunzi m'kompyuta), koma osasintha. Tsiku limene ndinachotsa magalasi pa 90 n'kuwaika pa 120, msewu unangoti myaa. Chifukwa chake n'chosavuta: pa 120 fulemu iliyonse ya gemu imaoneka kawiri ndendende. Ngati monita yanu ndi ya 144 Hz muli ndi mwayi wina, mutha kumanga gemu kuti isapyole 72 kapena 90, molingana ndi pamene mwaika magalasi, kudzera m'masetingi a gemuyo kapena mu pulogalamu ya NVIDIA kapena AMD. Ndipo ndinene mosapsatira, mafulemu 72 okhazikika amaposa kutali 110 amene akungokwera n'kutsika. Nambala yaikulu pakona pa sikirini imasangalatsa mtima, koma maso amafuna zinthu zoyenda mofanana.

Tsopano za resolution, zimene aliyense amathamangirako poyamba. Meta, kampani yopanga magalasi a Quest, imati Quest 3 ili ndi ma pixel, timadontho tija, 25 pa digiri iliyonse ya zimene diso likuona. Sikirini yanu ya m'magalasi ikatambalala madigiri 60, ndiye kuti ikugwera pa ma pixel pafupifupi 1,500 m'lifupi. Nanga mukaika gemu pa 4K, imene ili ndi 3,840 m'lifupi, enawo akupita kuti? Graphics card ikutuluka thukuta kujambula zinthu zimene magalasi sangakuonetseni zonse. Kwa ine 2560 x 1440 ndi pabwino, zilembo zimawerengeka ndipo makina amapuma. Mbali inayo nayo ndi yoona: ngati monita yanu ndi ya 1080p, pulogalamu yotapa ija ikutapa 1080p basi, ngakhale magalasi atakhala okwera bwanji. Pamenepo yatsani DSR ngati muli ndi NVIDIA, kapena VSR ngati muli ndi AMD, kuti Windows ivomere resolution yoposa ya monita.

Palinso resolution ina yobisika, ya SteamVR yeniyeniyo. Anthu amaikweza mpaka 150% poganiza kuti gemu iwala. Iwalani zimenezo. Graphics card imodzi yomweyo ikujambula gemu, ikujambulanso chipinda chimene mwakhalamo m'magalasi, kawiri, diso lililonse chake, ndipo pa 90 Hz ili ndi mamilisekondi 11 okha kuti imalize. Chimene mwapatsa chipinda mwalanda gemu. Isiyeni pa 100%, ndipo ngati pali mwayi wosankha malo okhala, sankhani mdima wopanda kanthu, osati holo ya kanema yodzaza mipando ndi magetsi.

Zina ndi zachidule. Sikirini ikangoti bii m'magalasi koma phokoso likumveka, kawirikawiri gemu ili pa fullscreen ija imalanda monita yonse, ndiye pulogalamu yotapa ikulephera kuiona. Isintheni ikhale pa borderless windowed, kapena yesani Alt ndi Enter. Ngati muli ndi monita ziwiri, onetsetsani kuti gemu yatsegukira pa imene magalasi akuonetsa. Mitundu ikaoneka mbuu ngati nsalu yosuluka, zimitsani HDR mu Windows. A malaputopu okhala ndi graphics card ziwiri, lowani m'masetingi a Graphics mu Windows muuze gemu ndi pulogalamu ya VR kuti zonse zigwiritse ntchito card yamphamvuyo.

Kwa amene mumasewera popanda waya, phunzirani kusiyanitsa chimbuuzi cha resolution ndi chimbuuzi cha Wi-Fi. Chithunzi chimapanikizidwa chisanatumizidwe ku magalasi, ngati vidiyo ya pa intaneti. Ngati menyu ikuoneka bwinobwino koma udzu, utsi ndi malo amdima zikusanduka timabokosi mukayamba kuthamanga, vuto ndi limenelo, ndipo kukweza resolution kungowonjezera katundu pa njira yopapatiza kale. Lumikizani kompyuta ku rauta ndi waya, magalasi akhale pa Wi-Fi ya 5 GHz m'chipinda chimodzi ndi rautayo, kenaka kwezani pang'onopang'ono bitrate, kuchuluka kwa data yotumizidwa ku magalasi pa sekondi.

Komanso musanyoze kavalidwe. Quest 2 ili ndi malo atatu okha a mtunda wa pakati pa maso, 58, 63 ndi 68 mm, ndipo malenzi ake amaoneka bwino pakatikati pokha. Magalasi akangotsetsereka pang'ono pamphuno, zilembo zonse zafufutika, inu n'kumafufuza m'masetingi chinthu chimene chikanatheka ndi kukoka lamba.

M'gemu momwemo, zimitsani motion blur, depth of field ndi chromatic aberration. Zinthuzi anaziikamo kuti chithunzi chifanane ndi cha kamera, koma pano muli kale kuseri kwa malenzi enieni, simukufunika chimbuuzi chongowonjezera. Sikirini nayo musaikulitse mpaka kumatembenuza khosi kuti muone mapu pakona. Ikankhireni patali pang'ono, m'mbali mwake muzioneka.

Ndikudziwa kuti ambiri chimene mukufuna kwenikweni ndi kulowa m'gemumo, osati kuonera pakhoma. Zilipo zida zake: vorpX, komanso UEVR, yopangidwa ndi munthu wodziwika ndi dzina loti praydog, imene imagwira magemu opangidwa ndi pulogalamu ya Unreal Engine 4 ndi 5. Zimandisangalatsa kwambiri, moti sindingakuletseni. Koma kumeneko gemu imajambulidwa kawiri, ndipo FOV ya gemu, kutambalala kwa zimene mukuona, ikangosemphana ndi ya magalasi dziko lonse limapindika mukatembenuza mutu. Munthu amene sanakhazikitse sikirini wamba akalumphira kumeneko, mavuto amasanjikizana mpaka osadziwa kuti lina layambira pati.

N'chifukwa chake ndimapempha kuti muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi. Ine ndimasankha malo amodzi m'gemu, pafupi ndi mpanda kapena mizati yoima mondondozana, n'kutembenuza kamera pang'onopang'ono kuchokera kumanzere kupita kumanja. Ndikasintha setingi imodzi ndimabwerera pomwepo, n'kuchitanso chimodzimodzi, n'kulemba papepala zimene ndaona. Nseru ikangoyamba ndimavula magalasi nthawi yomweyo, chifukwa ukaumirira thupi limayamba kudana ndi magalasiwo ngakhale vuto litatha. Ndikapuma ndimayambiranso pa mpanda uja, ndipo choyamba kuyang'ana ndi manambala awiri aja, ya monita ndi ya magalasi, ngati akulowana.