Mugule nkhuku khola litayima kale

M'mawa uno alamu anga afika pakhomo atanyamula nthenga m'manja ngati umboni wa kubwalo la milandu, ndipo andipempha kuti ndiwapatsenso nkhuku zina chifukwa zimene ndinawapatsa miyezi 3 yapitayo zatha. Inali misoti 5 ndi tambala mmodzi, zamtundu wa Mikolongwe, zomwe ndinazilera ndekha kuyambira zili anapiye mpaka kuzidonthezera m'maso katemera wa chitopa wa I-2. Nditawafunsa kumene zinkagona, andiyankha mopanda manyazi kuti ankazivundikira ndi dengu kuseri kwa bafa n'kuikapo mwala pamwamba, poyembekezera kuti akapeza ndalama za njerwa ndi malata adzamange khola lenileni. Usiku wathawu vumbwe wakumba pansi pa dengulo n'kumaliza ziwiri zomwe zinatsala. Ndakana, ndipo ndikulemba izi mtima udakali m'mwamba.

Walira mvula walira matope. Amene wafuna nkhuku wafunanso khola, ndipo kholalo liyenera kuyima nkhuku isanalowe pakhomo, osati kudikira mwezi wa malipiro kapena nthawi yogulitsa soya. Mawu akuti "n'zongoyembekezera" apha nkhuku zambiri m'makomo mwathu, chifukwa vumbwe, likongwe, khoswe ndi mvula ya mu Januwale sizidziwa kuti mwini wake ali ndi pulani yodzamanga khola lanjerwa chaka chamawa. Khola losakhalitsa ndi khola ndithu, ndipo liyenera kukhala ndi miyendo, denga ndi chitseko. Dengu si khola, katoni si khola, ngakhale khitchini yomwe ana amadyeramo nsima si khola.

Ndikudziwa kuti zinthu zakwera mitengo ndipo sindikutsutsa, koma kodi chitele chimene agogo athu ankamanga chinkafuna simenti? Langa ndinamanga tsiku limodzi ndi theka. Ndinazika mitengo inayi ya bulugama, n'kukweza pansi pake kufika m'chiuno mwa munthu wamkulu, kenaka ndinayala nsungwi zong'amba motayanitsa pang'ono kuti zitosi zizigwera pansi, pomwe ndimakazikokola n'kupita nazo kudimba. M'mbali ndinaluka ndi nsungwi zomwezo mothithikana kuti likongwe asapeze polowetsa mutu, koma mphepo izidutsa. Padenga ndinayala pulasitiki wakuda n'kufolera udzu, chitseko n'kuchimanga ndi waya, ndipo m'miyendo ndinavekamo zitini zakale zozondotsa kuti khoswe akakwera azibwerera panjira. Mlungu uliwonse ndimathiramo phulusa pofuna kuchepetsa utitiri. Pa zonsezi ndinagula misomali, waya ndi pulasitiki basi, ndalama yosafika mtengo wa tambala amene alamu anga adyetsa vumbwe.

Choncho munthu asandiuze kuti vuto ndi umphawi. Vuto ndi lakuti timafuna mazira ndi ndiwo za alendo, koma manja athu akukana kugwira chikwanje. Timasilira makola a zithunzi za pa Facebook, a malata owala ndi waya wa m'sitolo, ndiye poti amenewo sitingawakwanitse timaona ngati kuluka nsungwi n'kutsika, mpaka nkhuku zimagona panja ngati zilibe mwini. Zikafa timayamba kuloza galu wa oyandikana nawo nyumba, ena mpaka kunena kuti pakhomo pawo alodzedwa, chonsecho mfiti yake ndi dengu lomwe anavundikira okha. Ngati simungathe kupatula tsiku limodzi lomangira nkhuku 6 pogona, musagule nkhukuzo, ndipo musazipemphe kwa abale amene anazivutikira.

Alamu angawo, pofuna kundionetsa kuti aphunzirapo, alonjeza kuti ulendo uno adzazinga kakhola ndi neti. Nditafunsitsitsa ndapeza kuti akunena neti yoteteza udzudzu yomwe akazi awo analandira kusikelo ali oyembekezera. Izi nazo zafala kwambiri, moti ukamayenda m'mudzi umaona maneti obiriwira ndi oyera atakutira anapiye ndi mbewu za tomato, pamene mwana wa m'nyumba momwemo akugona pamtetete udzudzu ukumulira m'khutu. Netiyo vumbwe amaing'amba ndi chikhadabo chimodzi, kotero nkhuku zipita, ndipo mwana naye mumunyamula pakabaza usiku kuthamangira kuchipatala ndi malungo. Ndawauza kuti nsungwi zili kuseri kwa nyumba yanga ndipo chikwanje ndiwabwereka, koma msoti wina sautenga mpaka ndikaone ndi maso anga chitseko chikutsekeka.