Chiliza cha Nsambo Zinayi

(Pakhonde la situdiyo. Malume atulukira ataberekera gitala ya bezi kumsana ngati mwana, foni ili m'manja.)

MALUME: Mphwanga, zimitsa makina onse, ndabwera ndi nkhani ya ndalama.

MPHWAKE: Azima okha, malume, magetsi kulibe. Khalani apa.

MALUME: Jeff Berlin umam'dziwa?

MPHWAKE: Wa bezi wa ku America uja? Mu 2022 anatulutsa chimbale cha Jack Songs, cholemekeza malemu Jack Bruce wa ku Scotland, yemwe ankaimba bezi ndi mawu m'gulu la Cream limodzi ndi Eric Clapton ndi Ginger Baker.

MALUME: Eya! Ndipo ndalama anasonkhetsa anthu pa intaneti. Taganiza, munthu kumanga chiliza cha mnzake ndi simenti ya anthu ena, pachikuto n'kulembapo dzina lake. Nanenso ndikumangira malemu aphunzitsi anga a bezi. Pofika Khirisimasi tikhale titavundukula.

MPHWAKE: Jack Bruce anamwalira mu 2014. Chimbale chinatuluka 2022. Werengani zala.

MALUME: Zaka 8? Amisiri ake ankamwa?

MPHWAKE: Poyamba ankasonkhetsa kudzera ku PledgeMusic, kampani ya ku Britain yomwe inkasungira oimba ndalama za anthu. Kampaniyo inagwa mu 2019 ili ndi ngongole kwa oimba ambirimbiri. Anthu anali atapereka, koma oimba ena sanaione ndalamayo.

MALUME: Msungichuma wa maliro kuthawa ndi mbale ya chipepeso!

MPHWAKE: N'chifukwa chake funso loyamba ndi lakuti ndalama zikagona kuti usiku, ndipo zidzakufikani liti. Ku Kickstarter, tsamba lina losonkhetsera ndalama pa intaneti, mwachitsanzo, mumatchula ndalama yomwe mukufuna ndi masiku osapitirira 60. Ikapanda kukwana, ngakhale iperewere dola imodzi, palibe amene amadulidwa kanthu ndipo inu mumabwerako chimanjamanja.

MALUME: Zimene zasonkhedwazo osandipatsako ya sopo?

MPHWAKE: Ngakhale ya machesi. Komanso kuti mutsegule msonkhamsonkha kumeneko muyenera kukhala nzika kapena wokhazikika m'maiko amene ali pa mndandanda wawo, ndi akaunti ya banki ya konko. Malawi palibe.

MALUME: Ndiika nambala yanga ya Mpamba ndi Airtel Money, basi.

MPHWAKE: Zitheka, koma ndiye kuti msungichuma ndinu. Kope likhalepo: dzina, tsiku, ndalama, ndi chomwe mwam'lonjeza. Koma tiyeni tiwerenge masamu a kunja kuja kuti muone mmene ndalama imaondera. Tinene kuti mwapempha $10,000 ndipo yakwana, opereka ndi 300.

MALUME: Ndayamba kale kumva kukoma.

MPHWAKE: Kickstarter itengapo 5 peresenti, $500. Odutsitsa ndalama za makadi atengapo 3 peresenti, $300, kuphatikiza masenti 20 pa munthu aliyense pa mtengo wakale, $60. Mwatsala ndi $9,140. Apo n'kuti makadi onse adutsa, chifukwa ena amakana pa tsiku lodula, mwini wake n'kupatsidwa masiku 7 kuti akonze, osakonza.

MALUME: Ngati aja amalonjeza thumba la ufa pamaliro, n'kusowa tsiku loika.

MPHWAKE: Omwewo. Ndiye pali msampha wa positi. Ndalama yotumizira katundu imene anthu amawonjezera imawerengedwa m'kati mwa $10,000 ija. Inu mukuvina kuti yakwana, chonsecho gawo lina ndi la masitampa. Muyambe mwayeza phukusi lenileni pa sikelo, CD, envulopu ndi katoni yake, mufunse mtengo wa dziko lililonse, kenako muike pamwamba pa ndalama ya situdiyo.

MALUME: Zotsalazo ndi zanga tsopano.

MPHWAKE: Nyimbo ndi za yani?

MALUME: Za malemu. Ndiye akadandaula kuti?

MPHWAKE: Munthu amapita yekha kumanda, nyimbo zimatsala ndi achibale ndi makampani osindikiza. Kuno umwini umakhalapo zaka 50 munthu atamwalira, ndipo mumayambira ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso, musanajambule. Ku Britain ndi ku America ndi zaka 70. Komanso nyimbo imodzi imatha kukhala ndi eni angapo. Sunshine of Your Love ija inalembedwa maina atatu: Jack Bruce, Pete Brown wolemba mawu, ndi Eric Clapton.

MALUME: Kanyimbo kamodzi eni atatu, ngati munda wa chokolo.

MPHWAKE: Ku America mtengo wojambulanso nyimbo ya wina umaikidwa ndi lamulo. Mu 2023 unali masenti 12 pa nyimbo iliyonse, pa kope lililonse la CD, mbale ya galamafoni kapena lotsitsa pa intaneti. Nyimbo 10, makope 1,000, ndi $1,200. Mwatsala ndi $7,940 musanagule ngakhale nsambo imodzi. Ndipo masenti 12 amenewo ndi a nyimbo yosapitirira mphindi 5. Ikapitirira amayamba kuwerengera pa mphindi.

MALUME: Nanga solo yanga ya mphindi 9?

MPHWAKE: Mulipira ngati takisi.

MALUME: Ndiye ndichenjera. Ndidula mutu wa nyimbo iyi, mchira wa iyo, ndisoke pamodzi, ndilipire imodzi.

MPHWAKE: Berlin anachitadi zosokasokazo, kuluka zidutswa za nyimbo zosiyana m'nyimbo imodzi, ndipo m'pamene pali luso la chimbalecho. Koma pa ndalama si njira yachidule. Chidutswa chilichonse chili ndi mwini wake. Chilolezo cha mtengo wa lamulo chija chimakulolani kuimba mwa kaimbidwe kanu, osati kusintha mawu kapena maimbidwe enieni a nyimbo. Mukasintha, mukagwade kwa eni ake, ndipo ali ndi ufulu wokana.

MALUME: Chabwino. Koma liwu la malemu likhalemo. Ndili ndi kaseti yawo, tidulamo pamene amati "iyaa!"

MPHWAKE: Apo mwalowa m'munda wina. Nyimbo ili ndi mwini, chojambulidwacho chilinso ndi mwini wake, kawirikawiri amene analipira situdiyo. Chimenecho chilibe mtengo wa lamulo, amatchula yekha. Chithunzi cha malemu cha pachikuto nachonso n'cha amene anachijambula.

MALUME: Nkhope ya aphunzitsi anga ili ndi mwini wina?

MPHWAKE: Nkhope ndi yawo, chithunzi ndi cha wakamera.

MALUME: (apukuta thukuta) Tiye ku zoimba, kumene ndili mfumu. Berlin anaitana akatundu okhaokha: Geddy Lee, Marcus Miller, Ron Carter, Tony Levin. Ine ndiitana a bezi 8, tigunde tonse nthawi imodzi, dziko ligwedezeke.

MPHWAKE: Aja amalandizana, wina akamaliza wina n'kulowa. Mabezi awiri akagunda pansi nthawi imodzi chimatuluka ndi phala. Ngati mukufuna awiri pamodzi, mmodzi agwire pansi, winayo akwere kumtunda kwa khosi la gitala, ndipo ameneyo timam'dula mawu onse a pansi pa 100 Hz.

MALUME: Ndi ndege zingati zowabweretsa anthu amenewa?

MPHWAKE: Masiku ano mlendo sakwera ndege, amajambula kwawo n'kutumiza. Koma mum'tumizire zinthu zinayi: nyimbo yotsogolera, liwiro lake mwa manambala, tinene 112 BPM, kiyi yake, ndi click.

MALUME: Kaja kamati "tiki, tiki" m'khutu? Ayi. Berlin yemweyo amanena poyera kuti metronome, kachipangizo kogunda "tiki, tiki" kaja, siphunzitsa munthu kusunga nthawi.

MPHWAKE: Amatsutsadi, ndipo wakangana nawo ambiri, koma mkangano umenewo ndi wa kaphunziridwe. Apa tikunena wa ng'oma ali ku London, wa kiyibodi ali ku Johannesburg, inu muli pakhonde pano. Popanda click, kapena ng'oma zojambuliratu zoti aliyense atsatire, aliyense afika pa kolasi tsiku lakelake.

MALUME: Anditumizire pa WhatsApp.

MPHWAKE: Osati ngati voice note, imafinya mawu. Ikhale fayilo yosafinya ya WAV, 24-bit, 48 kHz, ndipo aliyense atumize kuyambira pa bar yoyamba, poyambira penipeni pa nyimbo, ngakhale iye akulowa pa mphindi yachitatu.

MALUME: Kutumiza chete wa mphindi zitatu? Bandulo yake ya ndani?

MPHWAKE: Chete ameneyo ndiye muyeso. Ndikaika mafayilo onse pa ziro, aliyense amagwera pamalo pake. Apo ayi ndikhala usiku wonse ndikusuntha solo ya munthu ngati kabati. Ndipo wina akajambula pa 44.1 kHz, kompyuta n'kuiwerenga ngati 48 osaitembenuza, imathamanga pafupifupi 9 peresenti, mawu n'kukwera semitone imodzi ndi theka.

MALUME: Bambo wandevu n'kumveka ngati wa Sande sukulu.

MPHWAKE: Tabweretsani gitalayo. (aiyang'ana) Nsambo izi munasintha liti?

MALUME: Nsambo za bezi sasintha. Mafuta a m'manja ndiwo ndiwo zake.

MPHWAKE: Zikanakhala flatwound, zosalala zija, ndikanakuvomerani, zimakoma zikakalamba. Izi ndi roundwound, zikadzaza litsiro zimafa mawu a pamwamba. Muike zatsopano masiku awiri kapena atatu tisanajambule kuti zikhazikike. Kenako intonation, kuti gitala ikhale m'kiyi khosi lonse: muchune nsambo ili yosagwira, mugwire pa fret 12, muone pa tuner. Ikakwera, bwezani saddle, kachitsulo kamene nsambo imatsamirapo kumunsi, kumbuyo ndi sikuludiraiva kuti nsambo italike. Ikatsika, isunthireni kutsogolo. Mukapanda kutero, pansi muli m'kiyi, mukakwera pa solo muli kwa aneba.

MALUME: Amplifaya yanga ndibweretse? Imalira ngati mkango.

MPHWAKE: Bweretsani, koma tijambula njira ziwiri. Waya ulowe mu DI box, kabokosi kogawa mawu pawiri, mawu oyera apite mu kompyuta, enawo apite ku amplifaya komwe tiikeko maikolofoni. Vuto lake, mawu a pa maikolofoni amafika mochedwa, pafupifupi millisecond imodzi pa masentimita 34 alionse. Mukangowaphatikiza amadyana, bezi n'kuonda. Timasuntha fayilo ya maikolofoni kuti mafunde agwirizane, kapena kudina batani la phase n'kumvera pamene yanenepa.

MALUME: Ndiye uikweze pansi penipeni, anthu amve m'chiwindi.

MPHWAKE: Anthu anu 300 aja adzamvera pa chiyani?

MALUME: Pa foni.

MPHWAKE: Nsambo yaikulu ya E imalira pa 41 Hz. Kasipika ka foni sikafika n'komwe kumeneko. Mudzatulutsa chimbale cha bezi chopanda bezi. Mverani Jack Bruce wa nthawi ya Cream: bezi ya Gibson EB-3, ya khosi lalifupi, yolowa mu amplifaya ya Marshall yotsegulidwa mpaka kukhadzula mawu. Kukhadzulako kumabala mawu apakati, n'chifukwa chake amamveka ngakhale pa kawailesi ka mabatire. Ifenso tithira kukhadzula pang'ono, tikweze cha m'ma 700 mpaka 800 Hz, ndipo tisanatseke timvere pa foni yotchipa kwambiri m'nyumba muno.

MALUME: Ndi yangayi.

MPHWAKE: Sindinafune kutchula.

MALUME: Olemera ndiwalonjeza mbale zakuda zija, za galamafoni.

MPHWAKE: Mbale imafuna master yakeyake, kope lomaliza lopita kufakitale. Bezi ikhale pakati, osati kumanzere kapena kumanja, apo ayi singano imadumpha mumzere. Mbali imodzi isapitirire mphindi 20 kapena 22, chifukwa bezi imadya malo, ndipo mukapanikiza nyimbo zambiri mawu amatsika. Kufakitale kumakhalanso mzere wa miyezi. Tsiku limene mukuganiza kuti katundu afika, muwonjezerepo miyezi ina musanalonjeze, ndipo mwezi uliwonse muziwauza anthu pamene mwafika. Wosonkha amapirira kuchedwa, chimene sapirira ndi foni yozima.

MALUME: Za malonjezo usade nkhawa, ndayamba kale. Wa K5,000, dzina lake pachikuto. Wa K20,000, CD yosainidwa. Wopereka kwambiri atenga gitala imene yaimba m'chimbalemo.

MPHWAKE: Imeneyo ndi nzeru, oimba ambiri amachita. Bola mwalemba kuti ndi imodzi yokha, ndipo atenga tikamaliza kujambula.

MALUME: Ndalonjeza anthu atatu.

MPHWAKE: Gitala imodzi?

MALUME: Sadziwana.

MPHWAKE: (atembenuza gitala, awerenga kumbuyo) Malume, apa palembedwa ndi penti yoyera kuti "Katundu wa Kwaya, Osatulutsa M'tchalitchi."

MALUME: Tsitsa mawu. Mmodzi mwa atatuwo ndi abusa.