Kuseka pamaliro a Chuckles sikunali chipongwe

Sewero la pa kanema la The Mary Tyler Moore Show, limene linkaonetsedwa pa wailesi ya kanema ya CBS ku America kuyambira mu 1970 mpaka mu 1977, limanena za atolankhani a wailesi ya kanema yopeka yotchedwa WJM mumzinda wa Minneapolis. Gawo lake limene ndimaliona kuti ndi lopambana ndi "Chuckles Bites the Dust", lomwe analemba David Lloyd ndipo linaonetsedwa pa 25 October 1975.

Ted Baxter, wowerenga nkhani wodzimva uja, anafuna kukatsogolera mdipiti wa chionetsero cha zinyama, koma bwana wake Lou Grant anamukaniza, choncho mwayiwo unagwera Chuckles, wanthabwala amene ankasangalatsa ana pa wailesiyo. Chuckles anapita atavala chovala chooneka ngati mtedza, ndipo njovu ina yolusa inamupha poyesa kuswa mtedzawo. Uthenga utafika ku ofesi, Murray Slaughter, amene ntchito yake ndi kulemba nkhani zimene Ted amawerenga, anayamba nthabwala, Lou naye n'kulephera kudzigwira. Mary Richards, wantchito mnzawo amene ankaseweredwa ndi Mary Tyler Moore, yekha ndiye anakwiya, n'kuwadzudzula anzake kuti alibe ulemu kwa malemu.

Ena amati Mary ankanena zoona, koma ine ndikuona kuti analakwitsa powayesa anzakewo anthu ouma mtima. Munthu amene ntchito yake ndi kulemba za ngozi ndi imfa tsiku ndi tsiku, nthawi yoti nkhani ziulutsidwe itamuthera kale, amafuna potulutsira mantha ake, ndipo nthabwala ndiye khomo limene limakhala pafupi. Imfa imeneyi inali itawakhudza kwambiri, chifukwa onse ankadziwa kuti Lou akanangovomera pempho lija, wotsogolera mdipitiwo akanakhala Ted. Ngakhale kwathu kuno, adzukulu amaselulana ndi kuseka pokumba manda, ndipo palibe mfumu imene imawaimba mlandu, chifukwa aliyense amadziwa kulemera kwa ntchito imene anyamula.

Mphamvu yeniyeni ya gawoli ili pamwambo wa maliro. Anthu onse amene ankaseka ku ofesi akhala duu, nkhope zili zachisoni, koma m'busa atayamba kutchula mayina oseketsa a anthu amene Chuckles ankawasewera, Mary ndi amene phwete likumutuluka. Akuyesa kulibisa ndi chifuwa, akuyang'ana uku ndi uku ngati wasekayo ndi wina, koma zikukanika. M'busayo sakumukalipira ayi. Akumuimiritsa n'kumuuza kuti aseke momasuka, popeza malemuyo ankadana ndi misozi ndipo moyo wake wonse unali woseketsa anthu, ndiye pomwepo Mary akuyamba kulira mosatonthozeka. Mary Tyler Moore anasewera malo amenewa mwaluso kwambiri, chifukwa woonera amaseka limodzi naye mpaka kufika pozindikira kuti chisoni chimene mayiyu ankachipanikiza ndi ulemu chinali chachikulu ngati cha anzake aja, kungoti chinasowa potulukira.

Ndimayamikiranso kuti Chuckles mwiniwakeyo saoneka ngakhale kamodzi m'gawo lonseli, ndipo njovu ija timangoimva m'kamwa mwa anthu. Akanationetsa ngoziyo, sewerolo likanasanduka lankhanza. Mpake kuti Lloyd analandira mphoto ya Emmy chifukwa cha gawoli, ndipo mu 1997 magazini ya TV Guide inaliika pa nambala 1 pa magawo 100 opambana a masewero a pa kanema.

Chimene sindigwirizana nacho ndi mathero ake, pamene onse akumana kunyumba kwa Mary n'kumakambirana za mmene aliyense akufunira kuti maliro ake adzayendere. Nthabwala zake ndi zabwino ndithu, makamaka za mnzawo wa pa wailesiyo Sue Ann Nivens, amene ankaseweredwa ndi Betty White, koma zikubwera nkhani itatha kale, ndipo ndikanakonda kuti Joan Darling, amene anatsogolera kujambula gawoli, akanalidulira pamaliro pomwepo.